Mlonda wa pa Nsanja ya Nanjereza

Ena a inu munalionapo phiri la Nanjereza muli m'basi, lili mbee ngati wina analiwaza ufa. Si ufa ayi, ndi mwala wa njereza. Mwala umenewu susunga madzi. Mvula ikagwa imangolowa pansi ngati wathira m'dengu, n'chifukwa chake mitengo ya kumeneko ndi yaifupi, yopotoka, yolimba mtima. Pamwamba penipeni pali nsanja ya miyala imene palibe wamoyo anaona akuimanga. Tsono sunthirani kuno, ndikuuzeni zimene anaona Mwandida ndi atsibweni ake paphiri limeneli.

Mwandida ankagwira ntchito ku ofesi yosunga zomera. Ntchito yake inali kuyenda m'tchire, kuthyola tsamba, duwa kapena chipatso, kuzipanikiza m'nyuzipepala pakati pa timatabwa tiwiri, n'kulemba dzina ndi malo m'kope. Chaka chimenecho kampani ina inapempha kuti iyambe kuphwanya miyala ya Nanjereza, ndiye ofesi inamutuma kuti akalembe zomera zonse za paphiripo zisanapite ndi fumbi.

Akanatha kupita ndi anzake a kuntchito, koma iye anaganizira atsibweni ake, a Lufeyo, mlongo wa mayi ake. A Lufeyo anagwira ntchito ya zankhalango zaka makumi atatu, ndipo ndiwo anamuphunzitsa Mwandida kusiyanitsa mombo ndi mtondo akadali kamtsikana kosavala nsapato. Koma chimwalirire akazi awo, Nachisale, munthu uja anali atazima. Ankangokhala pakhonde, manja pamawondo, wailesi ili chete pambali pawo. Ukawapatsa moni ankayankha, ukawapatsa chakudya ankadya, n'kuthera pomwepo.

"Atsibweni, tiyeni mukandiperekeze ku Nanjereza," anatero Mwandida tsiku lina atagwada pakhonde paja. "Mitengo ya pa njereza ine sindiidziwa bwino."

Linali bodza, ndipo onse awiri ankadziwa kuti ndi bodza. A Lufeyo anamuyang'ana.

"Tinyamuka nthawi yanji?" anafunsa.

Anafika m'mawa wa tsiku lina mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma. M'munsi mwa phiri munali ng'anjo zitatu zowotchera njereza, ndipo pa imodzi panali mayi akusonkhezera nkhuni, nsidze ndi mikono zili mbuu. Anati dzina lawo ndi Abiti Kasimu.

"Njira ndi imodzi, simungasokere," anatero mayiwo akuloza ndi chikuni. "Mukafika pa mgoza waukulu, khotani kumanja. Pansi pa nsanja zungulirani m'mene mungafunire. Koma pamwamba pake ife sitikwera."

"Makwerero anawola?" anafunsa Mwandida.

"Makwerero ali bwinobwino." Abiti Kasimu anaponya chikuni chija m'moto. "Ife sitikwera basi."

Anauyamba ulendo, a Lufeyo patsogolo ndi ndodo, Mwandida pambuyo atabereka matabwa ake. Njira inkakhotakhota pakati pa miyala yoyera yakuthwa, yodyekadyeka ngati mano a nkhalamba. M'ming'alu munamera nkhadze, ndipo apa ndi apo kamtengo kankatuluka pamwala weniweni, osaona dothi limene kakudya. Poyamba a Lufeyo ankangoyenda. Mwandida ndiye anayamba kuwaputa.

"Uwu ndi chiyani, atsibweni?"

"Phingo."

"Nanga uwu?"

"Aa, iwe, muwawani sukuudziwa? Tafuna khungwalo, tione ngati udzaiwalanso."

Mwandida anatafuna, nkhope n'kukwinyika ndi kuwawa, ndipo anaona milomo ya atsibweni ake ikugwedera ngati ikufuna kukumbukira kuseka. Kuchokera pamenepo sanafunikenso kufunsidwa. Anasisita thunthu loterera la msetanyani, anatikita tsamba la mpungabwi n'kumununkhitsa, anamuonetsa kadale amene moto unamupha kawiri koma n'kuphukabe. Mumtima mwake Mwandida anati, ndachita bwino kuwatenga.

Anapuma pansi pa mgoza waukulu uja. Kuchokera apo nsanja inkaoneka, kakang'ono ngati chala choloza kumwamba.

"Anaimanga ndani?" anafunsa Mwandida.

"Anthu othawa nkhondo, kalekale, nthawi ija ankagwira anthu n'kukawagulitsa. Phirili mkati mwake ndi mapanga okhaokha. Mudzi wonse unkalowa pansi, munthu m'modzi n'kukhala pamwamba ndi lipenga. Akaona fumbi la adani aombe, akaona kuti kwayera aombenso, anthu atuluke." A Lufeyo anamwa madzi n'kupukuta pakamwa. "Ife a zankhalango tinadzangoikapo makwerero achitsulo kuti tiziyang'anirapo moto. Koma aliyense amene tinkamutumiza sankatha sabata. Ankabwera n'kunena kuti, bwana, ndipatseni ntchito ina, pamwamba paja ndi pothina, sipakwana anthu awiri."

"Munkatumiza awiriawiri?"

"M'modzim'modzi," anatero a Lufeyo, n'kudzuka.

Mwandida analemba dzina la mgoza uja n'kusomeka pensulo m'tsitsi monga ankachitira masiku onse. Pa mtengo wotsatira anapisa dzanja m'tsitsi muja, pensulo mulibe. Anabwerera mapazi makumi awiri, maso pansi, osaiona. Anatulutsa ina m'thumba, osaganizapo zambiri.

Chiyambire m'mawa nyenje zinali zikulira, phokoso lija umaliiwala chifukwa silidukiza. Atangokhota kumanja, zinaleka. Osati imodziimodzi ayi, zonse pamodzi, ngati wina watseka chitseko. Mwandida anayamba kumva mpweya wake womwe, ndi kukhuluza kwa malamba a matabwa pamapewa pake.

Patsogolo pang'ono panali mng'alu waukulu pamwala, wotulutsa kamphepo kozizira. Mwandida anagwada kuti nkhope ipoleko. Kutali pansi anamva madzi akuyenda. Kenako, kuseri kwa madziwo, munthu anatsokomola. Chinali chifuwa cha mwana, chouma, kawiri. Ndiye panatsatira mawu ena otsika kwambiri, aja amachita mayi potontholetsa mwana pamaliro.

"Atsibweni, mwamva?"

"Ndi mbira izo. Mbira zimatsokomola ngati anthu."

Anayankha osatembenuka. Koma podutsa pamng'alu paja anavula chipewa, ndipo sanachivalenso mpaka atapitirira.

Tsono apa ndi pamene dziko linayamba kusintha. Kumusi udzu unali utauma kale, wina utapsa ndi moto wa osaka mbewa. Kuno unali wobiriwira, wofika m'mawondo, wonyowa ndi mame dzuwa lili paliwombo. Chinaka, chimene chimachita maluwa mvula ili pakati, chinali chitayala mbali zonse za njira. Mitengo ya masuku inali italemedwa ndi zipatso zakupsa, pomwe mtengo womwewo nthambi zina zili ndi maluwa. Agulugufe oyera ankauluka mwaulesi ngati akusambira m'madzi. Kutentha kuja kunali kutatha, kutangotsala kafungo kotsekemera ngati ka uchi wa m'phanga.

Mwandida ankadziwa kuti izi si za Okutobala. Ankadziwa kuti ayenera kuopa. Koma mantha ankabwera n'kusungunuka asanafike pamtima, monga zimakhalira kutulo ukamacheza ndi munthu amene unamuika m'manda, osadabwa. Anathyola, anapanikiza, analemba, mpaka matabwa anatupa. Anayenda mtunda woti miyendo inayamba kulemera. Koma akayang'ana pansi, chithunzithunzi chake chinali pomwe chinali, kadontho pakati pa mapazi.

Kenako panabwera mayi wina, amene Mwandida sanamumve akubwera. Anangozindikira kuti pali munthu kumbuyo kwawo, wolowera kumtunda ngati iwo. Anali atasenza kadengu kovundikira ndi masamba, wopanda nsapato, atavala chiwondo, nsalu ija ankasula kuchokera ku khungwa la mtengo. Atawayandikira anapatuka, n'kugwada m'udzu atayang'ana kumbali. Nkhope yake Mwandida sanaione, kapena anaiona n'kuiwala pomwepo.

"Kodi kumusi kwazizira?" anafunsa mayiyo ndi mawu ang'onoang'ono.

"Kwatentha, mayi, uno ndi Okutobala," anayankha Mwandida.

A Lufeyo anamugwira mkono mwamphamvu. "Kwazizira, mayi," anatero iwo mofatsa. "Kunazizira kale. Palibenso wothamangitsa mnzake."

Mayi uja anapukusa mutu pang'onopang'ono, kadengu osagwedezeka. "Wa pamwamba sanatiuze," anatero. Anadzuka, anawapitirira, n'kukhota kuseri kwa mwala. Iwo atafika pamwalapo njira inali yowongoka, yooneka mpaka patali, ndipo inali yopanda munthu. Mame anali paudzu osagwedezedwa.

"Tibwerere, atsibweni?"

"Tafika kale," anatero a Lufeyo. Maso awo anali akuwala m'mene Mwandida anali asanawaone chichitikire maliro.

Nsanja inali yozungulira ngati nkhokwe, yaitali kuposa mlambe, ya miyala yosanjikiza popanda dothi. Mizu ya kachere inali itaikumbatira mbali imodzi ngati zala. Mbali inayo kunali makwerero achitsulo, ofiira ndi dzimbiri. Patsinde pake panali mwala wafulati, ndipo pamwalapo wina anali atandanda zinthu mwadongosolo, chilichonse pamalo pake. Panali mikanda itatu yabuluu, mutu wa khasu wodyeka mpaka kutsala ngati tsamba, chikho chong'aluka, kapu ya malata, batani la yunifolomu. Kumapeto kwa mzerewo kunali pensulo ya Mwandida, pambali pake mpeni wopinda wa a Lufeyo. Mkuluyo anapisa dzanja m'thumba, n'kulitulutsa lopanda kanthu.

Mwandida anatambasula dzanja kuti atenge pensulo yake.

"Isiye," anatero a Lufeyo. "Si kuba kumeneku. Munthu wokhala yekha amakonda kuona zinthu za anzake."

Akubweza dzanja, Mwandida anaona kaduwa m'mng'alu wa khoma. Kanali koyera, ka timasamba tisanu, pakati pake pofiirira, masamba ake aubweya ngati khutu la mbewa. Zaka zonse zimene anagwira ntchito, mabuku onse amene anatsegula, anali asanakaonepo. Anatula matabwa, anagwada, anayamba kukajambula m'kope. Anawerenga timasamba, anayeza phesi ndi chala, anakanunkhiza. Anaganiza kuti kaduwa kotere, ngati kulibenso kwina, kakhoza kuimitsa ngakhale magalimoto a kampani. Sanadziwe kuti anakhala nthawi yaitali bwanji atagwada pamenepo.

"Atsibweni, tabwerani muone ichi."

Zii.

Anatembenuka. Ndodo inali yotsamiritsidwa kukhoma. Patsinde pa makwerero panali nsapato za a Lufeyo, zoikidwa bwino pamodzi, monga amachitira munthu polowa m'nyumba ya eni ake. Ndipo kuchokera pamwamba kunkatsika mawu a anthu ocheza. Mawu amodzi okha ndiwo ankamveka, a atsibweni ake, koma ankalankhula n'kudikira, kulankhula n'kudikira. Kenako anaseka. Chinali chiseko chawo chenicheni, chochokera m'mimba, chimene pakhomo pawo chinali chitasowa chaka chathunthu.

Apa ndi pomwe mantha anamufika pamtima Mwandida. Anagwira chitsulo chija n'kuyamba kukwera.

Pamwamba panali pang'ono, malo a mphasa imodzi, ndi kakhoma kofika m'chiuno kuzungulira. A Lufeyo anali atakhala pansi, miyendo yopinda, chipewa pabondo. Moyang'anizana nawo panali mwala wokhalira, wosalala ndi kukhalidwa. Pamwalapo panali mthunzi, chonsecho panalibe choupangitsa. Ukauyang'ana maso ndi maso unkangoona mwala. Ukayang'ana kumbali, m'ngodya ya diso munkabwera bondo, phewa lowerama, ndi china chopindika ngati nyanga cholendewera pachifuwa. Pamalopo pankanunkha utsi wakale ndi thukuta.

"Uyu ndi mwana wa mlongo wanga," anatero a Lufeyo kuuza mthunzi uja. "Mwandida, pereka moni."

Mwandida, miyendo ikadali pamakwerero, anaomba m'manja. Manja ake sanatulutse phokoso.

"Munthuyu watopa, Mwandida," anatero a Lufeyo. "Anamuuza kuti akhale pano mpaka mnzake adzamulandire. Mnzakeyo anagwidwa panjira. Chiyambire pamenepo sanatsekepo diso. Mkazi wake amangobweretsa chakudya n'kubwerera pansi. Ndamuuza kuti nkhondo inatha. Iye akuti, ngati inatha, nanga fumbi ilo n'lachiyani?"

"Atsibweni, tiyeni tizipita."

"Akupempha ndimugwirireko pang'ono, agone. Ine kunyumba ndimangokhala. Kukhala n'kumodzimodzi, mwanawe. Kuno ndiye pali choyang'ana."

Anatsamira dzanja pansi n'kuyamba kudzuka, nkhope italoza kumwala uja. Mwandida anadziponya n'kuwagwira mwendo. Sanaganize zoti anene. Mawu anangotuluka okha, amene anawasunga miyezi yambiri.

"Atsibweni, pali munthu anandifunsira! Dzina lake Yotamu, ndi mphunzitsi. Akwawo akufuna kubwera kudzaonekera, ine ndakhala ndikuwazengereza miyezi isanu ndi umodzi poopa kukuvutitsani muli pachisoni. Amayi akuti popanda inu palibe chinkhoswe. Akabwera apeza ndani pakhomo? Mbumba yanu mukuisiya ndi yani?"

A Lufeyo anaima theka, bondo limodzi lili pansi. Anali ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa kutsidya la mtsinje. Kenako anatembenuza mutu.

"Miyezi isanu ndi umodzi? Mwana wa eni ake wamuimika padzuwa miyezi isanu ndi umodzi?"

"Eya, atsibweni."

"Amamwa?"

"Ayi."

"Kwawo n'kuti?"

"Ku Ntcheu."

"Ndiye amamwa," anatero a Lufeyo, n'kukhalanso pansi. Anapuma mozama. Anasendera kufupi ndi mwala uja, anaweramitsa mutu, n'kuyamba kulankhula motsitsa kwambiri, mawu oti Mwandida sanawamve.

Mtima wa Mwandida unakhala pansi. Anamaliza kukwera, anaimirira, ndipo posadziwa anayang'ana kunja kwa kakhoma.

Dziko limene anaona silinali limene anadzera m'mawa. Kunalibe msewu, kunalibe denga la malata, kunalibe ng'anjo za Abiti Kasimu. Kunali nkhalango yokhayokha mpaka kumene thambo limagwa, yobiriwira, ikupuma ngati chifuwa cha munthu wogona. Mtsinje unkanyezimira pakati pake. Njovu zinkawoloka dambo, zing'onozing'ono ngati nyerere. Mitengo imene Mwandida ankaisaka umodziumodzi, mibawa, milombwa, misambamfumu, inali yosawerengeka. Misozi inayamba kutsika yokha. Ndipo kutali, kum'mawa, kunali fumbi lofiira, lalitali, likubwera.

Anaphethira, fumbi lija n'kuyandikira pang'ono. Anaphethiranso, linayandikiranso. Pamenepo anazindikira kuti likapanda kuyang'anidwa lifika, ndipo pansi pa phiri pali mwana wachifuwa. Wina ayenera kuyang'ana. Maso ake anali abwino, akuthwa kuposa a atsibweni ake. Dzina la Yotamu linamuchoka ngati madzi pamwala wa njereza. Phazi lake linasuntha lokha kulowera kumwala wokhalira uja, ndipo mthunzi uja unasendera pang'ono, monga amachitira munthu pokupatsa malo m'basi.

Kenako kunada. A Lufeyo anali atamuphimba kumaso ndi chipewa chawo.

"Tseka maso! Tseka! Usatsegule mpaka ndikuuze."

Anamukokera kumakwerero, iwo n'kutsogola, akumugwira chidendene n'kuliika phazi pachitsulo chilichonse. Pansi anamuberekesa matabwa ake, anamupatsa nsonga ya ndodo kuti agwire, iwo n'kugwira nsonga inayo. Nsapato sanazitenge.

Anatsika choncho, wina akukoka wina. Nthawi ndi nthawi Mwandida ankamva khosi lake likufuna kutembenuka, zikope zikufuna kutseguka. A Lufeyo ankaziona, ndipo ankamugwira dzanja n'kuliika pathunthu la mtengo.

"Uwu ndi chiyani?"

"Sindikudziwa, atsibweni."

"Ukudziwa. Papasa."

"Msuku."

"Nanga uwu?"

"Naphini."

"Dzina lako ndani?"

"Mwandida."

"Yenda."

Kumbuyo kwawo sikunamveke kukuwa kapena mapazi owathamangitsa. Kunangomveka chinthu chimodzi, ndipo Mwandida amati akanakonda kukanakhala kukuwa. Kunali kuyasamula, kwakutali, kwa munthu amene wavomera kuti lero sagonanso.

Mwadzidzidzi nyenje zinayamba, zonse pamodzi, ndipo kutentha kunamugwera ngati bulangete.

"Tsegula," anatero a Lufeyo.

Anali pansi pa mgoza waukulu uja. Dzuwa linali litafiira, likukalowa. Udzu unali wouma, wothyokathyoka. Mapazi a atsibweni ake anali magazi okhaokha chifukwa cha miyala.

Abiti Kasimu atawaona anayang'ana mapaziwo. Anakatunga madzi m'beseni n'kuwaikira.

"Munakwera," anatero pomaliza.

"Tinakwera," anatero a Lufeyo.

"Ndipo mwatsika awiri. Mulungu ndi wamkulu."

Mawa lake ku ofesi Mwandida anamasula matabwa. Zonse zimene anathyola kumusi kwa mgoza zinalimo. Nyuzipepala za kumtunda zinali zopanda kanthu, zitangotsala ndi madontho a chinyezi okhala ngati masamba. Analemba lipoti la zimene akanatha kuonetsa. Kaduwa kaja anakatchula ndi chojambula cha m'kope, akuluakulu n'kunena kuti chojambula si umboni. Za kampani ija mpaka lero akukhalirabe misonkhano. Ndipo fumbi limene analiona, ngati linali la ogwira anthu kapena la magalimoto, Mwandida sanadziwe.

Koma a Lufeyo anabwerera ali munthu wina. Wailesi inayambanso kulira pakhonde. Akwawo a Yotamu atabwera anawalandira atavala jekete, n'kuwafunsa mafunso mpaka thukuta. Pachinkhoswe ndiwo analandira tambala, iwo n'kupereka msoti, akuseketsa anthu mpaka amayi kugwira nthiti. Mvula itatha anafolera nyumba ya mlongo wawo, anaika mwala pamanda a Nachisale, anabzala mibawa khumi kuseri kwa khola. Paukwati, mu Ogasiti, anavina mpaka fumbi kubuka. Mwandida ankawayang'ana n'kumati, achira.

Kamodzi kokha anawafunsa. "Atsibweni, pamwamba paja munamuuza chiyani munthu uja?"

"Nkhani za akuluakulu," anayankha, n'kusintha nkhani.

Patatha sabata chichitikire ukwati, mayi ake anamuimbira foni. "Atsibweni ako achoka m'mawa. Asesa bwalo lonse, nkhuku azipatsa madeya, makiyi andisiyira ine. Ndawafunsa kuti achimwene mukupita kuti, akuti pali munthu anamulonjeza."

Mwandida anafika ku Nanjereza mawa lake masana. Anapeza ng'anjo zikufuka, koma amuna ophwanya miyala atangokhala pamthunzi, nyundo zili pansi. Anamuuza kuti ena mwa iwo anapita m'mawa mpaka patsinde pa nsanja, anazungulira, osapeza munthu. Abiti Kasimu anamugwira dzanja n'kumukhazika pachitsa.

"Anadutsa pano dzulo m'mawa," anatero mayiwo. "Anatipatsa moni bwinobwino, anapempha madzi, anamwa, n'kuthokoza. Ine ndinawayang'ana, iwo anandiyang'ana. Ndikanati chiyani? Munthu wamkulu. Ndiye dzuwa litapendeka, panatsika munthu wina."

"Wina?"

"Si wa kuno. Wokalamba, woonda, akuyenda ngati miyendo wachita kubwereka. Sanalankhule ndi munthu. Anafika pansi pa bwemba uyo n'kuima. Anayang'ana ife, anayang'ana ana akusewera fulaye, anayang'ana nkhuku. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagona chammbali, mutu padzanja."

"Nkhope yake inali yotani?"

"Ndinamuyang'ana ine, pafupi ngati inu apa. Koma mukandifunsa sindinganene." Abiti Kasimu anapukuta manja pachitenje. "Ndinamufunditsa nsalu yanga. Ana ndinawathamangitsira kuseri. Amuna awa anaika nyundo pansi okha, palibe anawauza. M'mawa uno tapeza nsalu yokha, yopinda bwinobwino."

Mwandida anadzuka n'kupita pansi pa bwemba paja. Pafumbi panali podinda, poyambira phewa, chiuno, mpaka mawondo opinda. Anakweza maso. Nsanja inali pomwe inali, kachala koloza kumwamba, mbee padzuwa. Chifuwa chake chinadzaza, anakoka mpweya, pakamwa patatseguka kale.

"Musawaitane, mwanangu," anatero Abiti Kasimu kumbuyo kwake. "Wina aliyense angaitane, sayankha. Koma inu akumvani, ndipo atsika. Ndiye kumtundako kukhala ndani?"

Mwandida anaumeza mpweya uja. Anaima choncho, misozi ikutsikira m'khosi. Kenako anagwada pafumbi, nkhope italoza kuphiri, n'kuomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, monga amachitira mwana potsanzika akuluakulu.

Atadzuka anayang'ananso podinda paja.

"Anagona bwino?" anafunsa.

Abiti Kasimu anapukusa mutu, akumwetulira pang'ono.

"Mayi, ine ndakula, ndabereka ana asanu ndi awiri, onse ndinawaona akugona pabere. Koma sindinaonepo munthu akugona tulo tokoma chotero."